Timilamba ta M'miyala: Nsomba Zazing'ono Zimene Zimaulula Moyo wa Mitsinje ya ku Mvera

Anthu ambiri a m'boma la Dowa akamva za nsomba, maganizo awo amathamangira ku Salima, kumene kumachokera usipa, utaka, chambo ndi kampango zogulitsidwa m'misika ya Mvera, Chezi ndi Mponela. Ndi ochepa amene amaganizira kuti mitsinje ya m'mapiri a boma lino ilinso ndi nsomba zakezake. Zina mwa izo ndi timilamba tating'onoting'ono timene timabisala kunsi kwa miyala, kumata pathanthwe pamene madzi akuthamanga, kapena kudzikwirira mumchenga. Anyamata oweta ng'ombe ndi amayi ochapa kumtsinje amaona tinsomba timeneti kawirikawiri, koma ambiri amangoti ndi ana a mlamba amene sanakule.

Zoona zake n'zakuti tinsombati n'tokhwima kale. Timaikira mazira tili totalika ngati chala cha munthu, ndipo ngakhale titakhala zaka zingati, sitingasanduke mlamba wodzaza mphika. Tili ndi mabanja akeake, mayina akeake ndi makhalidwe osiyana kwambiri ndi a mlamba wa m'dambo. Chofunika koposa pa nkhani ya chitukuko n'chakuti sitikhala m'madzi odzaza matope. Mtsinje ukayamba kuwonongeka, timilamba timeneti ndi ena mwa oyamba kusowa, ndipo kusowa kwake ndi chenjezo kwa alimi a m'madimba, oweta ziweto ndi mabanja onse amene amatunga madzi mumtsinje womwewo.

Dziko la mapiri ndi makwawa

Boma la Dowa lili ndi mbali ziwiri zosiyana. Kumadzulo, cha ku Mponela ndi Madisi, dziko n'lachidikha, lokhala ndi madambo, ndipo mitsinje yake monga Kasangadzi imayenda modekha kukathira mu Bua. Kummawa, m'dera la Mfumu Yaikulu Chiwere kumene kuli Mvera, dziko limatsetsereka kwambiri kulowera kunyanja. Likulu la boma lili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Madzi ochokera m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatsika mtunda wonsewo podutsa m'makwawa, m'mathanthwe ndi m'mathithi.

Mtsinje wa Lingadzi wa ku Dowa, umene ndi wosiyana ndi Lingadzi wa mumzinda wa Lilongwe, umatsikira ku Salima n'kukathira m'nyanja. Chirua nayenso amatenga madzi a m'mapiri omwewa. Kummwera, Lumbadzi amathira mu Lilongwe, ndipo Lilongwe amakumana ndi Linthipe asanafike kunyanja. Mitsinje yotereyi, ya madzi othamanga, ozizira ndi oyera, yokhala ndi nsangalabwi pansi ndi mchenga m'makhotakhota, ndiwo malo amene timilamba tating'onoti timakonda m'dera lonse limene madzi ake amathira m'nyanja ya Malawi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Ambiri mwa iwo ndi alimi, ndipo chilimwe chikafika maso awo amakhala pa timitsinje tomweti.

Mmene akatswiri amasanjira nsomba

Kuti munthu amvetse kusiyana kwa mlamba ndi timilamba ta m'miyala, ayenera kudziwa pang'ono mmene akatswiri a zamoyo amasanjira zolengedwa. Njira imene imagwira ntchito lero inakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1758 anayamba kupatsa nyama iliyonse dzina la mawu awiri a Chilatini. Zimafanana ndi mmene Mchewa amadziwikira ndi mfunda wake komanso dzina lakelake. Liwu loyamba limatchula mbumba imene nsomba ikuchokera, lachiwiri limatchula mtundu weniweniwo. Mbumba zoyandikana zimapanga banja, ndipo mabanja oyandikana amapanga gulu.

Nsomba zonse zandevu zopanda mamba zili m'gulu limodzi lalikulu lotchedwa Siluriformes. Gululi lili ndi mitundu yoposa 3,000 m'mabanja opitirira 30, ndipo limapezeka ku Africa, Asia, Ulaya, America ndi Australia. M'Malawi muno, mabanja anayi ndiwo odziwika kwambiri.

Banja la Clariidae ndilo la mlamba. Dzina lake la sayansi ndi Clarias gariepinus, limene William Burchell anapereka mu 1822 potengera Gariep, dzina lakale la mtsinje wa Orange ku South Africa. M'banja lomweli muli bombe ndi sapuwa, za mbumba ya Bathyclarias, zimene kwawo ndi m'nyanja ya Malawi. Banja la Bagridae ndilo la kampango, amene Albert Günther wa ku London anamutcha Bagrus meridionalis mu 1894. Banja la Mochokidae ndilo la nkholokolo, kansomba kamingaminga kamene kamalira kakagwidwa, kamene Ludwig Keilhack anakatcha Synodontis njassae mu 1908. Banja lachinayi ndi Amphiliidae, la timilamba ta m'mitsinje ya m'mapiri. Mabanja awiri omalizawa amapezeka mu Africa mokha. Ku chigwa cha Shire kulinso nyesi, nsomba yogwira ngati magetsi, imene ili m'banja lina koma m'gulu lomweli.

Timilamba ta m'mitsinje ngati ya ku Mvera tili m'mbumba zitatu: Amphilius ndi Zaireichthys za banja la Amphiliidae, ndi Chiloglanis ya banja la Mochokidae. Izi zikutanthauza kuti Chiloglanis ndi mbale wapafupi wa nkholokolo wa kunyanja kuposa mmene alili ndi mlamba amene amakhala naye mumtsinje umodzi.

Zimene nsomba zandevu zimafanana

Nsomba za gululi zilibe mamba. Khungu lake n'losalala ndi loterera. Ndevu zimene zili pakamwa si zokongoletsa ayi. Zili ndi timitsempha tolawira, ndipo timitsempha totere timapezekanso pakhungu la thupi. Nsombayo imalawa chinthu isanachiike m'kamwa, n'chifukwa chake imatha kusaka chakudya usiku ngakhale maso ake ndi aang'ono. Imamvanso bwino kwambiri, chifukwa kumbuyo kwa mutu kuli timafupa tolumikiza khutu lamkati ndi kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba. Timafupa tomweti timapezekanso mwa matemba, mpasa ndi ntchila, ndipo ndi umboni umodzi wosonyeza kuti nsomba zimenezi ndi zandevu zinachokera ku kholo limodzi kalekale.

Zambiri zili ndi minga yolimba kutsogolo kwa chipsepse cha pamsana ndi zipsepse za pachifuwa. Zambirinso zili ndi kachipsepse kamnofu, kopanda timafupa, pakati pa chipsepse cha pamsana ndi mchira. Kachipsepse kameneka n'kothandiza pozindikira mitundu.

Amphilius, wokhala kunsi kwa miyala

Mu 1889, chaka chimene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba mishoni ya Mvera, katswiri wina wa ku Hamburg ku Germany, Georg Pfeffer, anafotokoza kansomba kochokera m'mitsinje ya dziko limene lero ndi Tanzania, n'kukatcha uranoscopus, kutanthauza woyang'ana kumwamba. Dzinali linabwera chifukwa cha timaso take timene tili pamwamba pa mutu. Kwa zaka zambiri, Amphilius uranoscopus ndilo dzina limene mabuku akhala akupereka kwa kamlamba ka m'miyala ka m'mitsinje ya Malawi.

Thupi lake linapangidwira madzi othamanga. Mutu ndi waphwatalala, mimba ndi yathyathyathya, ndipo zipsepse za pachifuwa ndi za pamimba n'zotambalala m'mbali, zokhuthala kutsogolo. Kansombaka kakagona pamwala, madzi amangodutsa pamwamba n'kukakanikizira pansi m'malo mokakokolola. Kathumba kake ka mpweya n'kakang'ono kwambiri, motero sikayandama. Kamayenda mokwawa kuchoka pamwala wina kupita pa wina. Kali ndi ndevu zisanu ndi imodzi, ndipo mosiyana ndi abale ake ambiri, kalibe minga yobaya. Khungu lake n'lodera kapena lofiirira, nthawi zina lamathothomathotho, lofanana ndi miyala ya pansi pa mtsinje. Mwa timilamba titatuti, Amphilius ndiye wamkulu: amatha kupitirira masentimita 15, ngakhale ambiri amene amapezeka ndi aafupi kuposa apo.

Masana amabisala. Usiku amatuluka kudzadya mphutsi za tizilombo touluka timene timayamba moyo wake m'madzi, tokhala pamiyala ndi kunsi kwake. Amaswana m'nyengo yotentha ndi yamvula, ndipo mazira amawaikira kunsi kwa miyala, pamene madzi oyera amadutsa mosalekeza. Ana ake akangoswa amaoneka ngati ambululu. Apa ndi pamene pagona ngozi yake: mipata ya pakati pa miyala ikatsekeka ndi dothi, kansombaka kamataya pogona, podyera ndi poikira mazira nthawi imodzi.

Chiloglanis, womata pathanthwe

Pamene madzi akuwinduka kwambiri, pamathithi ndi pamathanthwe oterera, ndi pamene pamakhala Chiloglanis. Dzinali linaperekedwa mu 1868 ndi Wilhelm Peters, katswiri wa ku Berlin amene anayendapo m'chigwa cha Zambezi, ndipo limachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mlomo ndi mlamba. Milomo ya kansombaka inatambasuka n'kupanga chinthu chozungulira kunsi kwa mutu, chimene chimamata pamwala mmene chibekete chimagwirira pakamwa munthu akayamwa mpweya wamkati. Kakamata chotero, madzi amphamvu sangakachotse, ndipo kamatha kukwawira m'mwamba pathanthwe lonyowa. M'kati mwa milomoyo muli timano timene kamapalira nato ndere ndi timphutsi tomatirira pamwala.

Nthawi zambiri sikapitirira masentimita 7. Ndevu zake n'zazifupi, ndipo monga mbale wake nkholokolo, kali ndi minga yakuthwa pamsana ndi pachifuwa, imene imabaya chala cha munthu wokagwira mosasamala. Mbumba ya Chiloglanis ili ndi mitundu yoposa 50 mu Africa. Wa m'mitsinje ya Malawi wakhala akulembedwa kuti Chiloglanis neumanni, dzina limene George Boulenger anapereka mu 1911 kwa kansomba ka mumtsinje wa Bubu ku Tanzania.

Popeza kamadya zomera ndi tizilombo ta pamwamba pa mwala, Chiloglanis amafuna miyala yoyera ndi madzi oyenda chaka chonse. Mtsinje ukaphwa n'kutsala maiwe osayenda, moyo wake umakhala pachiswe.

Zaireichthys, wodzikwirira mumchenga

Wachitatu ndi wamng'ono kuposa onse, ndipo ndi mmodzi mwa nsomba zazing'ono kwambiri m'dziko muno. Zaireichthys wokhwima amatalika masentimita awiri mpaka anayi. Amakhala pamene mchenga woyera wayalana pansi pa madzi osaya koma oyenda. Amadzikwirira mumchengamo n'kusiya maso okha kunja, kudikira timphutsi tating'ono timene madzi akubweretsa. Mawanga ake amafanana ndi mchenga moti munthu akhoza kuponda pambali pake osaona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuona kansomba kameneka n'chimodzimodzi. Akaopsezedwa amaimika minga yake itatu, wa pamsana ndi iwiri ya pachifuwa, n'kuilimbitsa kuti mdani avutike kummeza.

Kale timilamba tambiri ta mumchenga ta m'chigawo chino cha Africa tinkawerengedwa ngati mtundu umodzi. Mu 2011, David Eccles, Denis Tweddle ndi Paul Skelton anafalitsa kafukufuku wosonyeza mitundu isanu ndi itatu yatsopano ya mbumba imeneyi. Eccles ndi Tweddle anagwirapo ntchito ya kafukufuku wa nsomba m'Malawi muno kwa zaka zambiri. Umodzi mwa mitunduyo, wa m'mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi, anautcha Zaireichthys maravensis, potengera dzina la Maravi. Wina, Zaireichthys lacustris, umakhala m'nyanja momwe, ndipo nyumba yake ndi chigoba cha nkhono imene inafa.

Kusiyanitsa ndi mwana wa mlamba

Munthu aliyense akhoza kusiyanitsa tinsombati ndi mwana weniweni wa mlamba popanda chida chilichonse. Choyamba ayang'ane pamsana. Mlamba, ngakhale ali wamng'ono, ali ndi chipsepse chimodzi chachitali chochokera kumbuyo kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira. Timilamba titatuti tili ndi chipsepse chachifupi pamsana, kenako mpata, kenako kachipsepse kamnofu kaja. Chachiwiri awerenge ndevu: mlamba ali nazo zisanu ndi zitatu, kuphatikizapo ziwiri za pamphuno, pamene Amphilius ali nazo zisanu ndi imodzi. Chachitatu atembenuze kansombako n'kuona kukamwa. Ngati milomo ili yozungulira ngati kambale, ameneyo ndi Chiloglanis.

Kusiyana kwakukulu kuli m'kati. Mlamba ali ndi chiwalo cha nthambinthambi m'mutu chimene chimamuthandiza kupuma mpweya wa kunja kwa madzi. N'chifukwa chake amapirira m'thamanda lamatope m'mwezi wa Okutobala, ndipo amatha kukwawa pa udzu wonyowa kufunafuna madzi ena. Timilamba ta m'miyala tilibe chiwalo chimenechi. Timadalira mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, umene umachuluka m'madzi ozizira ndi othamanga, n'kuchepa m'madzi otentha ndi osayenda. Choncho kupezeka kwa mlamba mumtsinje sikunena zambiri za ubwino wa madziwo, popeza iye amakhala paliponse. Kupezeka kwa Amphilius kapena Chiloglanis ndiko kumasonyeza kuti mtsinjewo ukadali ndi moyo.

Mayina amene akusinthabe

Owerenga aona kuti mayina awiri aja, uranoscopus ndi neumanni, anaperekedwa koyamba kwa nsomba za ku Tanzania. Kale akatswiri ankati nsomba zofanana maonekedwe, kuyambira ku East Africa mpaka ku South Africa, ndi mtundu umodzi. Kafukufuku wa zaka zaposachedwapa, woyeza thupi mosamala ndi kuunika DNA, wasonyeza kuti pansi pa dzina limodzi pamabisala mitundu ingapo. Mu 2010, Alfred Thomson ndi Lawrence Page anaunikanso gulu la Amphilius uranoscopus ku Kenya n'kupezamo mtundu umodzi watsopano. Ntchito yofanana ikupitirira ku bungwe la South African Institute for Aquatic Biodiversity mumzinda wa Makhanda, kumene kumasungidwa nsomba zambiri zotengedwa m'mitsinje ya Malawi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kansomba kokhala kunsi kwa mwala sikayenda maulendo aatali. Mathithi, zigwa ndi mapiri zimalekanitsa a mtsinje uwu ndi a mtsinje uwo kwa zaka zikwizikwi, mpaka mbumba iliyonse imasintha payokha. Tanthauzo lake kwa boma la mapiri ngati lino n'lalikulu. Mtundu wopezeka m'mitsinje yochepa ukatha mmenemo, palibe kwina kokautenga.

Malo ake m'moyo wa mtsinje

Masamba ogwa kuchokera m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi ndere za pamiyala zimadyedwa ndi mphutsi za tizilombo. Mphutsizo zimadyedwa ndi timilamba, ndipo timilambato timadyedwa ndi nsomba zazikulu, mbalame monga kakowa ndi nantchengwa, komanso katumbu. Mbali imodzi ikaduka, zinazo zimagwedezeka.

Nkhaniyi imakhudzanso nsomba zamalonda. Mpasa amachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala toyera. Mazirawo amafuna zomwezo zimene Amphilius amafuna: madzi oyera odutsa pakati pa miyala yosakwiririka. Ntchila, imene kale inali pakati pa nsomba zogwidwa zambiri m'nyanja ya Malawi, imaswaniranso m'mitsinje, ndipo lero ndi yosowa. Kampango nayenso anaikidwa mu 2018 pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yakutha. Dothi lokokoloka m'minda ya kumtunda limathera kumene nsomba zimenezi zimaswanira. Motero mlimi wa ku Mvera ndi msodzi wa ku Salima amangidwa ndi chingwe chimodzi, ngakhale sadziwana.

Zimene zikuopseza tinsombati

Mdani woyamba ndi dothi. Mitengo ikatha m'phiri chifukwa cha makala, nkhuni ndi kutsegula minda, mvula imagwa pa nthaka yopanda chofunda n'kuitsitsira kumtsinje. Mizere yotsata kutsetsereka kwa phiri imasanduka ngalande. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi kumagumula gombe. Dothi lonselo limakwirira nsangalabwi, limasandutsa mchenga woyera kukhala thope, ndipo limadzaza maiwe amene ankasunga madzi m'chilimwe. Dothi lomwelo ndi limene limatseka ngalande za ulimi wothirira ndi kukwirira timadamu, ndipo ndi chonde chimene mlimi amalowetsa m'malo mwake ndi feteleza wogula.

Wachiwiri ndi kuphwa kwa madzi. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Amatsika onse pa tsiku limodzi ngati chigumula, n'kusiya mtsinje wouma pofika Seputembala. Mapampu akachuluka pamtsinje umodzi popanda kugwirizana, a kumtunda amatha madzi onse, a kumunsi n'kutsala ndi mchenga. Kudula mitengo ya m'mbali kumachotsanso mthunzi, madzi n'kutentha, mpweya wake n'kuchepa.

Wachitatu ndi mankhwala. Katupe ndi mankhwala ena ophera nsomba sasankha: amapha zazikulu, zazing'ono, nkhanu ndi mphutsi zonse za m'dziwe. Mankhwala opopera tomato ndi masamba amachita chimodzimodzi pamene mlimi watsukira sipuleya mumtsinje kapena kutayamo mabotolo. Maneti a udzudzu, amene amaperekedwa kuti ateteze mabanja ku malungo, akasanduka ukonde amakokolola ndi tiana tomwe. Palinso kukumba mchenga womangira. Pamene akumba malo amodzi mosalekeza, nyumba ya Zaireichthys imanyamulidwa pa lole, ndipo gombe limagumuka.

Malamulo ndi udindo wa khonsolo

Dziko lino lili ndi malamulo okhudza zonsezi. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena zophulitsa, ndipo limagwira ntchito m'mitsinje monga mmene limagwirira kunyanja. Lamulo la zankhalango la 1997 limateteza nkhalango za boma monga Kongwe ndi Ntchisi, kumene mitsinje yambiri imayambira, komanso limapereka mphamvu kwa midzi kukhala ndi nkhalango zawo pansi pa makomiti a zachilengedwe a m'mudzi. Lamulo la zamadzi la 2013 limayang'anira katengedwe ka madzi ndi kuipitsidwa kwake, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe.

Kuchokera mu 1998, pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa, udindo waukulu wotsata zimenezi uli m'manja mwa makhonsolo. Ku khonsolo kuli maofesi a zausodzi, zankhalango, zaulimi, zamadzi ndi zachilengedwe. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya dera, ADC, mpaka kulowa mu dongosolo la chitukuko cha boma lonse. Mudzi umene ukuona mtsinje wake ukukwiririka uli ndi ufulu woika nkhaniyo pa mndandanda wa zofuna zake, pambali pa mjigo, mlatho ndi mdadada wa sukulu. Ntchito za mthandizi za Climate Smart Enhanced Public Works Programme, zimene zimayendetsedwa kudzera m'makhonsolo, ndi za mtundu womwewu: kukumba ngalande zokolola madzi, kutseka zigwembe, kubzala udzu wa vetiva ndi kusamalira mitengo yophukira yokha.

Zimene mudzi ungachite

Chithandizo chachikulu kwa mtsinje chimayambira kumunda. Mizere yopingasa phiri, akalozera obzalidwa vetiva ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi zimachititsa kuti madzi alowe pansi m'malo mothamanga ndi dothi. M'mbali mwa mtsinje, alangizi amalimbikitsa kusiya mpata wosalima, ndi kubzalamo nsungwi, nsenjere, mbawa ndi mikuyu, osachotsanso bango limene lilipo kale. Sipuleya itsukidwe kutali ndi madzi oyenda. Alimi a mthirira a pamtsinje umodzi agwirizane masiku opopa kuti madzi asaleke kuyenda. Mafumu ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi oletsa katupe ndi maneti, ndi osonyeza malo oyenera kukumba mchenga.

Kwa mabanja ofuna ndiwo, tinsomba totalika ngati chala sitingadzaze mbale. Njira yodalirika ndi damu loweteramo makumba, chilunguni kapena mlamba, ndipo ofesi ya zausodzi imapereka uphungu wa kakumbidwe kake ndi kumene mbewu ya nsomba ingapezeke.

Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, kapena kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu, ikhoza kuyeza mtsinje wake popanda ndalama. Isankhe malo awiri kapena atatu a miyala ndi madzi othamanga, osapitirira m'maondo. Mmodzi agwire dengu kumunsi, wina anyamule miyala ingapo kumtunda kwake pang'onopang'ono, kuti zobisala zikokolokere m'dengumo. Zogwidwazo ziikidwe m'beseni la madzi, ziwerengedwe, zijambulidwe ndi foni ngati ilipo, kenako zibwezedwe mumtsinje pamodzi ndi miyala ija mmene inalili. M'kope mulembedwe tsiku, dzina la malo, mitundu yopezeka, maonekedwe a madzi, ndiponso ngati miyala ili yoyera kapena yokutidwa ndi thope. Ntchitoyi ichitike kawiri pachaka pa malo omwewo, mu Meyi kapena Juni madzi atayera, ndi mu Okutobala madzi atachepetsetsa. Isachitike mtsinje utadzaza, ndipo ana akhale ndi mphunzitsi kapena munthu wamkulu.

Kope lotere likasungidwa zaka zitatu kapena zinayi limayamba kulankhula. Limasonyeza ngati vetiva ndi mitengo yobzalidwa kumtunda zikusinthadi kanthu, ndipo limapatsa VDC umboni wogwirika ikamapempha thandizo ku khonsolo. Zithunzi ndi zolembazo zikhoza kuperekedwa kwa mlangizi wa m'dera kapena ku ofesi ya zausodzi, imene imalumikizana ndi akatswiri a ku Monkey Bay, ku Bunda ndi ku yunivesite ya Mzuzu.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mtsinje umene gombe lake latetezedwa umayamba kudzitsuka wokha: chigumula chilichonse chimachotsako thope, miyala imaonekanso, ndipo timilamba totsala m'timitsinje ta kumtunda, mmene mitengo ikadalipo, timabwerera kumunsi pang'onopang'ono. N'chifukwa chake akasupe ndi timakwawa ta m'nkhalango za m'midzi ndiwo malo oyamba kutetezedwa, mvula ya chaka chino isanagwe.